Thako la mfuti

Anthu akaona mfuti ya mlenje amathamangira kuyang'ana mpope wake. Ine maso anga anakodwa pa thako, mtengo uja umatsamira paphewa, tsiku lomwe ndinapeza mmisiri wina pakhonde akulisintha mtundu.

Zitsulo zonse anali atamasula kale. Vanishi wakale, wong'ambika ngati matope a padambo mu Okutobala, ankamupala ndi sandipepala wokhakhala, kenako wosalala, nthawi zonse motsatira mitsempha ya mtengo. Mukapala mopingasa, zikande zimadzaonekera utoto utauma, ndiye mwagwira ntchito yachabe. Pa timizere tosemedwa pogwirira, timene timaletsa dzanja la thukuta kuterereka, sanafikitsepo sandipepala. Anangotsukamo ndi mswachi wakale, pang'onopang'ono. Pomwe mtengo unatiwizika anayalapo kansalu konyowa n'kudinda ndi simbi yamoto. Nthunzi inati fuu, dzenje lija n'kutukumuka. Ndinachita kunyamuka pampando kuti ndione bwino.

Mtengo uja, wa walnut, uli mbuu tsopano, anaupaka utoto wofiirira, kenako mafuta a linseed. Timadontho tochepa basi, kutikita ndi chikhatho mpaka dzanja kutentha. Mawa lake chimodzimodzi, mpaka masabata angapo.

Popanda manja oterewa, thako limamwa mvula ndi mame, n'kupindika, n'kumakankha mpope, chipolopolo n'kumaphonya. Ambiri amangogula la pulasitiki. Koma limenelo silinunkhira mafuta, ndipo lilibe malo aja otha pomwe tsaya la mwini wake lagonapo zaka zambiri, omwe mmisiriyu anangowasisita n'kuwasiya.