Gemu Yosapsa ya NASCAR 21

Abale a m'gulu muno, sabata ino mundilole tisiye kaye ndakatulo, tikambeko za gemu. Musaseke. Ana athu amaswera m'timashopu ta PlayStation ku Limbe ndi ku Ndirande, ndiye zomwe akusewerazo nazonso n'zofunika kuziunika.

NASCAR ndi mpikisano wa galimoto wa ku America. Mabwalo ake ambiri ndi ozungulira ngati dzira, galimoto zimangokhotera kumanzere. Pa Daytona 500 amazungulira ka 200. Mungati n'zotopetsa, koma ayi ndithu. Nzeru yake ili pobisala kumbuyo kwa mnzako kuti mphepo azilimbana nayo ndi iyeyo, iwe n'kumudutsa nthawi ikakwana. Ili podziwa nthawi yopatuka kukasintha matayala ndi kuthira mafuta. Amene munakwerapo minibasi zolimbirana anthu mu msewu wa Chipembere, mtima wake mukuudziwa.

Ndiye mu Okutobala 2021 kampani ya Motorsport Games inatulutsa NASCAR 21: Ignition. Maonekedwe okha, eee, galimoto zonyezimira bwino. Koma olemba za magemu anaidzudzula kwambiri, ndipo ine ndili mbali yawo. Gemu inkaima yokha mpikisano uli mkati. Galimoto zoyendetsedwa ndi kompyuta zinkagundana mopanda mutu. Choseketsa kwambiri, inatuluka yopanda galasi loonera kumbuyo. Tangoganizani! Mpikisano womwe nkhondo yake yonse ili pa amene akukusunzumira kumbuyo, iwe osamuona.

Eni ake anati akonza pang'onopang'ono kudzera pa intaneti. Apa ndi pomwe ndikuona kuti odzudzula aja sanafike. Kwa iwo kudikira kunali kungotopetsa chabe. Kwathu kuno kukonzako ndi bandulo, ndi magetsi oti asazime zinthu zisanathe kulowa. Mwini kashopu amene wagula chimbale chotere walipira kawiri. Ife kumsika, ukagulitsa mandasi osapsa mkati sungamuuze kasitomala kuti abwere mawa udzamalize kukazinga.

Yerekezani ndi NASCAR Thunder 2004 ya EA Sports, yomwe inatuluka mu 2003. Umangoika chimbale mu PlayStation 2, basi, gemu yathunthu, ndipo okonda mpikisanowu amaitamabe mpaka lero.

Mu 2023 a Motorsport Games anagulitsa chilolezo chopangira magemu a NASCAR kwa a iRacing. Mwana wanu akakuvutitsani kuti mumugulire ya galimoto, Ignition ilekeni, ngakhale ataitsitsa mtengo chotani.