Ng'oma ikalowa mu laputopu

Kuseri kwa timagolosale ta m'mbali mwa msewu wa M1 pa Lirangwe kuli kachipinda kamene masana mnyamata wina amaikiramo anthu nyimbo m'mafoni ndi m'mamemore khadi. Dzuwa likalowa amatseka chitseko, n'kuvala mahedifoni, n'kuyamba kuphika mabiti a hip hop pa pulogalamu ya FL Studio. Tsiku lina adandiitana kuti ndimve chimene ankanyadira nacho. Adali atajambula pa foni ng'oma za manganje tsiku limene anyamata ankatuluka kundagala, ndipo adazidula n'kuziika pansi pa biti yake.

"Akulu, mwaimva bwanji?"

Ndidamuyankha kuti ng'omayo ndaimva, koma miyendo yanga sinaizindikire. Liwu lidali la manganje ndithu, chikopa chake chomwecho, koma kayendedwe kadali ka hip hop ya ku Atlanta. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuganiza za chimene chimatayika pakati pa bwalo ndi laputopu, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi zinthu ziwiri: nthawi ndi machunidwe.

Vutoli adakumana nalo kale anzathu akutali. Ku Tehran, m'dziko la Iran, kumene oimba rap sankapatsidwa chilolezo cha boma chotulutsira nyimbo, achinyamata ankajambulira m'zipinda za pansi pa nyumba, mwakuti chamba chonsecho chidatchedwa zirzamini, kutanthauza zapansi. Mu 2006 woimba wotchedwa Hichkas adatulutsa chimbale cha Jangale Asfalt, ndipo amene adaphika mabiti ake adali Mahdyar Aghajani, mnyamata wobadwa mu 1989. Iye adalowetsa mu hip hop zoimbira za kwawo: santur, ya nsambo zambiri zomenya ndi timitengo, chitoliro cha bango chotchedwa ney, ndi ng'oma za tombak ndi daf. Nyimbo yawo ina idamveka mu filimu ya Bahman Ghobadi ya No One Knows About Persian Cats, imene idalandira mphoto ku Cannes mu 2009, ndipo pambuyo pake Mahdyar adachoka m'dzikomo n'kukakhala ku Ulaya. Chimene chimandigwira mtima pa ntchito yake n'chakuti zoimbira za makolozo ndi zimene zanyamula nyimbo. Mutazichotsa, nyimboyo igwa. Biti ya mnyamata wa pa Lirangwe uja, mutachotsamo manganje, ikhoza kupitirira osatsimphina n'komwe.

Tiyambe ndi nthawi. Munthu akatsekula FL Studio amapeza timabokosi 16 tondondozana, ndipo kugunda kulikonse amakuika m'kabokosi kake. Hip hop yambiri imakwana bwino m'menemo chifukwa imagawa phazi lililonse panayi. Koma magule athu ambiri amagawa phazi patatu, ndipo mzunguliro wake umakhala wa tizigawo 12. Pamwamba pa apo, m'manja mwa amayi mumaomba zina, ng'oma yaing'ono ikunena zina, yaikulu ikudutsa pakati pawo, moti wovina amatha kutsata ziwiri nthawi imodzi, mapazi kwina chiuno kwina. Kukoma konse kuli pa kukokanako. Tsono pulogalamuyi ili ndi batani lokokera kugunda kulikonse kosokera kuti kugwere pamzere. Mnyamata uja adalidina, ndipo ng'oma imene inkachedwa dala pang'ono, kuti imukankhe wovina, idawongoledwa ngati mwana wa sukulu pa mzere wa m'mawa.

Ku gule wamkulu nkhaniyi imaonekera poyera. Woimba mbalule maso ake amakhala pa mapazi a chilombo. Chikapalasa fumbi iye amayankha, chikaima mwadzidzidzi iye amadula. Ndi kukambirana kwa anthu awiri, ndipo sikubwereza chimodzimodzi kawiri. Ukadulapo masekondi awiri n'kuwazunguliza kwa mphindi zitatu, watenga yankho n'kusiya funso pabwalo. Sindikunena kuti kudula n'kulakwa. Hip hop idabadwa ndi kudula komweko, pamene DJ Kool Herc mu 1973 ku Bronx ankabwereza kachigawo ka ng'oma zokhazokha ka m'mbale ziwiri zofanana. Koma amisiri ake enieni ankadziwa chimene akudula. J Dilla wa ku Detroit, amene adamwalira mu 2006, amakumbukiridwa chifukwa chokana kuti makina amuwongolere ng'oma. Ankazisiya zipendekeke, ina ifulumire ina itsalire, mpaka oimba ng'oma zenizeni adayamba kuphunzira kumenya ngati makina ake. N'zopweteka kuti ife, amene kupendekekako tidabadwa nako, ndi amene tikukufufuta.

Za machunidwe n'zobisika kwambiri, ndipo n'chifukwa chake zimaphedwa mwakachetechete. Nyimbo za ku Iran zili ndi mawu ena ogwera pakati pa mabatani awiri oyandikana a kiyibodi, ndipo wophika biti kumeneko amayenera kusankha: apinde santur kuti igwirizane ndi kiyibodi, kapena apinde kiyibodi. Ifenso tili pomwepo. Valimba ya ku Nsanje ndi Chikwawa imachunidwa pa mawu asanu ndi awiri otalikirana pafupifupi mofanana, zimene kiyibodi ya ku sitolo ilibe. Woimba bangwe amachuna nsambo zake potsata khutu ndi mmero wake. Mwana wokulira pa kwaya ndi pa kiyibodi akamva zimenezi amati zasokonekera, n'kuthamangira Auto-Tune yowongolera mawu. Akatero liwu la woimba bangwe uja limatuluka losalala, laulemu, lopanda fungo la utsi. FL Studio yomweyo imalola kutsitsa kapena kukweza liwu pang'onopang'ono, ndiye besi ya 808 ingathe kuchunidwa kuti itsate bangwe. Ndi ntchito ya usiku umodzi, koma imafuna munthu wokhulupirira kuti bangweyo ndiye ali pa choonadi.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti sukulu ya zonsezi ili pafupi, ku Chileka konkuno. M'mudzi wa Singano mudachokera Daniel ndi Donald Kachamba. Ali ana adakhalako ku Salisbury, kumene tsopano ndi Harare, ndipo adabwerako ndi kwela, chamba chobadwira m'misewu ya Johannesburg, chimenenso chidamwa madzi a jazi ya ku America. Kunena zoona, kwela adali hip hop ya nthawi yawo: nyimbo ya anyamata a m'tauni, ya zipangizo zotsika mtengo, yonyozedwa ndi akuluakulu. Koma tamverani chimene adachita nayo. Chitoliro chachitsulo cha ku sitolo Donald ankachilowetsa m'kamwa mopendeketsa, mozama, mpaka chinkatulutsa liwu lonenepa limene amene adachipanga sadaliganizire. Gitala ya Daniel inkayenda ngati anthu atatu, chala chachikulu chikugwira besi, china chikuyankha pamwamba, mawu ake akudutsa pakati. Chida chinali chachilendo, koma malamulo anali a kuno. Gerhard Kubik wa ku Austria adakumana nawo mu 1967 ndipo adatha zaka zambiri akulemba za luso lawo. Daniel adamwalira mu 1987, Donald mu 2001, chaka chomwe tidatayanso Evison Matafale, mwana wina wa Chileka, amene adachita zofananazo ndi rege ya ku Jamaica mpaka lero Black Missionaries ikaimba palibe amene amafunsa ngati ndi nyimbo ya kwathu.

Hip hop yathu yayesapo. Real Elements, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, idaonetsa kuti Chichewa chikhoza kukwera pa biti popanda manyazi. Tay Grin adadzitcha Nyau King, adabweretsa zilombo pa nsanja ndi m'mavidiyo, ndipo Chipapapa adaitola m'masewera a ana. Ndimamulemekeza chifukwa adatsegula khomo pamene ambiri ankaona ngati za kumudzi n'zochititsa manyazi. Komabe khutu langa limandiuza kuti m'nyimbo zambiri zotsatira njira imeneyi, chikhalidwe chimakhala m'maso kuposa m'makutu: nthenga, zikopa ndi fumbi zili mu vidiyo, pamene pansi pake biti ikuyenda mwa timabokosi 16 tomwe tija. Esau Mwamwaya ndi anzake a ku London, m'gulu la The Very Best, adafika patali ndi Warm Heart of Africa mu 2009, koma kumeneko chimene chidali chathu kwenikweni ndi mawu a Esau. Wophika biti wa kuno amene adzamange nyumba yonse pa maziko a ng'oma zathu ndi amene ndikumudikira, ndipo ndikuganiza kuti adzachokera m'kachipinda ngati ka pa Lirangwe, kumene ng'oma imamveka usiku popanda kuilipira.

Zodulamo zilipo zambiri. Hugh Tracey adajambula oimba a m'Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo zojambulazo zimasungidwa ku International Library of African Music ku South Africa. Moya Aliya Malamusi, wa ku Singano komweko, adatha zaka zambiri akujambula ndi kusunga nyimbo ndi nthano za m'midzi. Koma pali mawu amodzi ofunika kunena. Nyimbo za kundagala, za kutsimba ndi za kudambwe zili ndi eni ake, ndipo zina siziyenera kutuluka. Ngakhale zotuluka, woimba ng'oma amene manja ake ali mu biti yako ali ndi dzina ndi banja. Kumupempha, kumutchula ndi kumugawira kangachepe ndi mbali ya luso lomweli, chifukwa munthu amene wapemphedwa amakuuzanso pamene mzunguliro umayambira, chinthu chimene foni yojambula mobisa singakuuze.

Nditabwererako patapita milungu ingapo, mnyamata uja adali atayambiranso. Adapita kwa mkulu amene ankamenya ng'oma tsiku lija, adakhala naye madzulo awiri, ndipo mkuluyo adamuseka kuti poyamba adadula ng'omayo pakati pa mawu. Tsopano adasintha timabokosi kukhala 12, adasiya batani lowongola lija, ndipo besi adaiika pamene ng'oma yaikulu imagwera. Biti yatsopanoyo idali yovuta kuimbira. Mnzake worapa adayesa katatu akupunthwa, chifukwa mizere yake adaizolowetsa kuyenda panayi. Kachinayi adasiya pepala, n'kuyamba kutchula mawu monga amatchulira akamacheza pa sitolo, ndipo adakwanamo. Panja, mayi wina wogulitsa tomato amene ankalongedza dengu lake adayamba kugwedeza mapewa, osatembenuka n'komwe kuti aone kumene nyimboyo ikuchokera.