Msodzi Wopanda Dzina: Za Zithunzi za ku Gombe la Salima

Aliyense amene anaonapo zithunzi za ku Senga Bay, zija zigulitsidwa kwa alendo ndi kusindikizidwa pa makalendala, adziwa maonekedwe ake: dzuwa lilikutuluka, madzi ali bata, ndipo msodzi mmodzi ali chiimire m'bwato lake. Zithunzizi nzokongola ndithu, koma zili ndi chilema chachikulu. Msodziyo alibe dzina, alibe mudzi, ndipo chaka sichidziwika. Wojambula anamuika pamenepo monga aikira mtengo wa mlambe, kuti angokometsa nyanja.

Chithunzi chotere chinamiza wochiona, pakuti chimuuza kuti moyo wa kunyanja sunasinthe chichokere makolo. Komatu njanji inafika ku Salima mu 1935, ndipo Ilala inayamba kuyenda panyanja mu 1951. Makoka a chopwa anasiyidwa atafika a nayiloni. Chambo chinachepa, kotero kuti asodzi ambiri adalira usipa ndi utaka, napita usiku ndi chilimira ndi nyali. Pa chilumba cha Mbenji, Mfumu Makanjira ndi anthu ake akhala akutseka usodzi m'dzinja kuyambira m'ma 1950, kuti nsomba ziswane. Zonsezi sizioneka m'chithunzi cha dzuwa chija.

Kuti chilemachi chimveke bwino, nkoyenera kuyerekeza ndi ntchito ya Geoff Charles wa ku Wales, dziko laling'ono la ku Britain lokhala ndi chinenero chakechake. Iyeyu anali wojambulira nyuzi yotchedwa Y Cymro, ndipo zithunzi zake, pafupifupi 120,000, zisungidwa ku National Library of Wales ku Aberystwyth. Anajambula anthu wamba m'minda, m'misika ndi m'masukulu. Ndipo popeza zinali za nyuzi, zambiri zinalembedwa malo ake ndi tsiku lake. Anajambulanso ana a sukulu ya ku Capel Celyn, mudziwo usanamizidwe mu 1965 pomanga damu lopatsa madzi mzinda wa Liverpool. Mudzi unatha, koma adzukulu a anthuwo akhoza kuloza nkhope ndi kutchula mwini wake. Mdzukulu wa msodzi wa ku Senga Bay sangathe kutero.

Pamenepa pali ntchito ya mphunzitsi. Pogwiritsa chithunzi m'phunziro la mbiri, ayenera kuzoloweza ana kufunsa mafunso atatu: ameneyu ndani, anali kuti, ndipo linali liti? Zithunzi zakale zili m'masutikesi a m'midzi ya ku Chipoka ndi ku Lifuwu. Ana azitengere kwa agogo awo, nalembe mayankho akuluwo akali moyo. Ndipo wojambula wa lero, ngakhale wa lamya ya m'manja, asathamangire dzuwa lokha. Ajambule mayi woyanika usipa pathandala ndi mnyamata wokonza injini, atapempha chilolezo, nalembe dzina, mudzi ndi chaka.