Zilombo za mphira ndi mwini dziko woiwalidwa

Filimu ya The Land That Time Forgot ndinayamba kuiona ndili mnyamata, m'kanyumba ka vidiyo ku Matundo, pa kaseti yotopa kale. Cingelezi sitinkamva, koma cilombo cikatulutsa mutu m'madzi tonse tinkakuwa. Ndaioneranso caka cino, ndipo candikhudza tsopano si cimene cinandiopsa kale.

Filimuyi inatuluka mu 1974. Anaiongolera ndi Kevin Connor, anaipanga ndi a kampani ya Amicus ya ku Britain, potengera buku la Edgar Rice Burroughs, mlembi wa Tarzan uja. Nkhani ikucitika mu 1916, mkati mwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Sitima ya Ajeremani yoyenda pansi pa madzi imiza sitima ya Angelezi. Opulumuka, motsogozedwa ndi Bowen Tyler, amene akuseweredwa ndi Doug McClure, alanda sitima ya adani awo. Atasokera panyanja afika ku Caprona, dziko lobisika kumene madinosawuro akadali moyo.

Kuti ndalama zinali zocepa n'zoonekeratu. Zilombo zambiri ndi zidole zimene Roger Dicken anapanga, zoyendetsedwa ndi manja, ndipo zouluka zija zimangolendewera, mapiko osakupiza n'komwe. Mwana wozolowera Jurassic Park adzaseka, ndipo sindingamuletse. Koma kuseka zidole n'kulekera pomwepo ndi kuweruza nsima poyang'ana mbale.

Mphamvu ya filimuyi ili pa anthu. Mngelezi ndi Mjeremani, amene dzulo ankaphana, lero akudya pamodzi nyama ya cilombo cimene apha. Mkulu wa sitima, Von Schoenvorts, samuonetsa ngati ciwanda: ndi munthu wofatsa, wokonda kufufuza zacilengedwe, wodziwa kuti cidani sicidzawatulutsa m'dziko limenelo. Agwirizana, apeza mafuta a m'nthaka, ayamba kuwayenga. Cimene cikuwamaliza si mano a cilombo ayi. Phiri litaphulika moto, wacibiri wake, Dietz, awombera mkulu wake n'kuthawa ndi sitima, ndipo imira ndi onse okweramo. Ife amene tinakula nkhondo isanathe mu 1992 tikudziwa kuti mtendere wa anthu ambiri ukhoza kugwetsedwa ndi mmodzi wokana kuiwala. Mbali iyi filimu yanena zoona.

Pamene yandikhumudwitsa ndi pa Ahm, mwini dziko. Alendo amugwira, amutenga, iye n'kukhala wowasonyeza njira. Kumapeto cilombo couluka cimunyamula kukamwa, nkhani n'kumapitirira. Zimene iye ankaganiza poona anthu acilendo akutunga mafuta m'dziko lake, filimu siikufunsa. Imangoika mitundu ya ku Caprona pa makwerero, Bo-lu pansi, Sto-lu pakati, Ga-lu pamwamba, ndipo woyeza makwererowo ndi mzungu.

Munthu wa ku Tete sangaone zimenezi osakumbukira kwawo. Nkhondo yomweyi ya Ajeremani inafika kuno. Mu 1917 asilikali a Von Lettow-Vorbeck anaoloka Rovuma pa Negomano, ndipo caka comweco anthu a ku Báruè anaukira Apwitikizi, atatopa ndi cibalo ndiponso kugwidwa kuti akanyamule katundu wa nkhondo imene sinali yawo. Makolo athu anali mu nkhondoyo ngati Ahm: osonyeza njira, osenza mitolo, osalembedwa maina. Leronso, masitima a malasha akamacoka ku Moatize, funso la Ahm likadalipo: mwini nthaka akutsala ndi ciyani?

Ngakhale zilombo zenizenizo sitisowa kukazibwereka ku Caprona. Mafupa a Malawisaurus anakumbidwa ku Karonga, m'Malawi, ndipo ku Mágoè kuli mitengo yakalekale imene inasanduka miyala. Zopangira nkhani tili nazo. Cotsala ndi woifotokoza ataima pamene Ahm waima.

Ndiye kodi muione? Ioneni, makamaka pamodzi ndi ana. Asiyeni aseke mapiko ouma aja. Ikatha, afunseni kuti dziko lija linali la yani. Filimu ikutha Tyler akuponya m'nyanja nkhani imene walemba, kuti dziko lidzamve za iye. Ya Ahm palibe anailemba.