Izeki ndi Jakobo: nthabwala zoonera limodzi ndi apongozi

Sabata yatha mayi wina wa ku Domwe anaimba foni pa pulogalamu yanga. Anadandaula kuti ana ake amaseka okhaokha, aliyense maso pa foni yake, ndipo iye akafuna kuonako amabisa. Dandaulo limeneli linandikumbutsa Izeki ndi Jakobo.

Ambirife kuno ku Lifidzi tinawaona koyamba pa zimbale zimene anthu ankabwera nazo kucokera ku Dedza ndi ku Lizulu. Madzulo tinkadzaza nyumba ya munthu amene anali ndi kanema ndi batire, ana pansi, akuluakulu pa mipando. Kanema wa ku Maputo amalankhula Cipwitikizi, ndiye agogo ankangoyang'ana zithunzi. Koma Izeki akangotsegula pakamwa, oyamba kuseka anali agogowo.

Maina ao enieni anali John Nyanga ndi Eric Mabedi, a gulu la zisudzo la Kwathu ku Blantyre. Sankafuna katundu wambiri: anthu awiri, zovala zakutha ndi mkangano, basi. Izeki ankaoneka wopepera, Jakobo ngati wodziwa zinthu. Jakobo akayesa kumuwongola mnzake, Izeki ankagwira liwu limodzi n'kulipotoza mpaka wanzeru uja kusowa conena. Luso lao linali podikira. Izeki ankatha kungokhala duu, nkhope yokha ikulankhula, anthu n'kuyamba kugwa ndi phwete asananene kanthu.

Luso lomweli mulipeza kwa Charlie Chaplin mu filimu ya The Kid ya 1921, momwe mmphawi akulera mwana wotayidwa. Mulibe mau olankhula, koma mumaseka uku mukumumvera cisoni. Izeki nayenso tinkamuseka osamunyoza, cifukwa njala yake, ngongole zake ndi mabodza ake zinali zathu zomwe.

Zolakwika zinalipo. Pa zimbale zina mau samveka bwino, ndipo masewero ena amabwereza nthabwala imodzi mpaka kuisukulutsa. Komabe ine sindikumbukira tsiku limene ndinazolika ndi manyazi, ngakhale apongozi anga atakhala pafupi. Kuseketsa mwana, mkamwini ndi apongozi nthawi imodzi popanda kutukwana ndi nchito yovuta. Tizisudzo tambiri ta pa foni talephera pamenepa, n'cifukwa cake ana aja amabisa.

Nyanga anatisiya mu 2016, Mabedi mu 2021. Zimbale zao zikukalikakalika m'masutikesi mwathu, zina ana asandutsa zoseweretsa. Ngati muli naco cimene cikali kuwerenga, musacitaye. Cipukuteni, itanani a pakhomo panu onse ndi apongozi omwe, mafoni akhale kucipinda usiku umodzi. Mukatero mudzandiimbire pa wailesi, mudzandiuze amene anayamba kuseka.