Kronos ndi Mlauli: Chibale cha Milungu ya Agiriki Pochiwerenga ku Kasungu

Ana ambiri a m'sukulu za ku Kasungu amayamba kumva dzina la Zeus m'tchalitchi, pa Machitidwe a Atumwi mutu 14, pamene anthu a ku Lystra anayesa atumwi awiri aja kuti ndiwo Zeus ndi Hermes. Owerengeka okha ndiwo amafika pa nthano zenizeni za milunguyo, makamaka iwo a pa Kamuzu Academy, sukulu imene Dr. H. Kamuzu Banda anatsegula pa Mtunthama m'chaka cha 1981, naikamo maphunziro a Chilatini ndi Chigiriki. Koma kwa anthu ambiri nthanozo zinafika m'Chingerezi, chinenero chosauka pa mau a chibale, pakuti mbale wa atate ndi mlongo wa amai chimawatchula ndi dzina limodzi. Mchewa sangathe kutero. Mphunzitsi wofuna kusimba nthanozo m'Chichewa ayenera kusankha pakati pa atate aakulu ndi atsibweni, ndipo pakusankhapo zimaoneka zinthu zimene Chingerezi chinaphimba.

Buku lalikulu pa za chibale cha milungu ndilo ndakatulo ya Hesiod yotchedwa Theogony, ndiko kuti Kubadwa kwa Milungu. Hesiod anali mlimi ndi mbusa wa m'mudzi wa Ascra, patsinde pa phiri la Helicon, ndipo anakhala ndi moyo ngati zaka 700 asanabadwe Kristu. Ndakatuloyo iri ndi mizere yoposa 1,000 pang'ono, ndipo yambiri ya iyo ndi maina okhaokha: ana aakazi a Nereus, okwana 50, awerengedwa mmodzimmodzi monga nkhalamba iwerengera adzukulu pa maliro. Wowerenga wa lero amatopa pamenepo, ndipo sali wolakwa ai. Komatu pansi pa mulu wa mainawo pali msana umodzi wogwira nkhani yonse, ndiwo mantha a atate pa mwana wake wamwamuna.

Ouranos, ndiye Thambo, anakwatira Gaia, ndiye Dziko; ana amene anabadwa anawada, nawabisa m'mimba mwa mai wao kuti asaone kuwala. Gaia anakonza zenga, nafunsa ana ake kuti adzalimba mtima ndani. Ndipo Kronos, wotsiriza wa ana 12 otchedwa Titans, anabvomera, nalalira atate wake usiku, namfula. Atalowa ufumu, Kronos anakwatira mlongo wake Rhea. Koma pakumva kuti mwana wake wa iye yekha adzamlanda mpando, anameza ana ake pakubadwa pomwe: Hestia, Demeter, Hera, Hades ndi Poseidon. Wachisanu ndi chimodzi, ndiye Zeus, mai wake anakamubisa ku chisumbu cha Crete, napatsa mwamuna wake mwala wokulunga m'nsaru kuti ameze. Zeus atakula, Kronos anasanza mwala uja pamodzi ndi ana onse, ndipo itatha nkhondo ya zaka 10 ufumu unagwa m'manja mwa Zeus.

Tsono mwana wa Mchewa wochenjera adzafunsa pomwepo: nanga mfumu iopa mwana wake chifukwa ninji? Funsolo siliri la chibwana. Mwa mwambo wa Achewa mwana ali wa kwa mai wake, ndipo dzina la ufumu silipita kwa mwana wa mfumu, koma kwa mng'ono wake kapena kwa mwana wa mlongo wake. Akadakhala Mchewa, Kronos akadalera ana ake mwa mtendere, nayang'anira ndi diso lofiira ana a mlongo wake. Chodabwitsa nchakuti pokwatira Rhea anasandutsa ana ake omwe kukhala ana a mlongo wake, kotero kuti Zeus ali wolowa m'malo pa malamulo onse awiri, a Agiriki ndi a Achewa. Hesiod sanalingalire zimenezo, koma ziri m'nthano yake.

Ndipo Kronos wa dziko la Amaravi alipo, dzina lake Mlauli. M'nthano zina za Amang'anja, abale a Achewa, zimene Matthew Schoffeleers anasonkhanitsa m'buku lake River of Blood la 1992, Mlauli ndiye mkulu wobvina mvula, ndipo Mbona ndiye mwana wa mlongo wake. Pa chaka cha chilala mkuluyo anabvina, koma kumwamba kunali gwa. Atabvina mnyamatayo mvula inagwa. Pamenepo nsanje inayamba. Mbona anathawira kumwera, adani ake namlondola, namdula mutu, ndipo kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Steve Chimombo anaumba sewero lake The Rainmaker pa nthano yomweyo. Mantha a Mlauli ndi a Kronos ndi amodzi, a munthu wokalamba poona womlowa m'malo alikukula. Asiyana khomo lolowera. Asiyananso mathero ake, pakuti kwa Hesiod wamng'ono apambana ndi mphamvu nakhala pampando, koma Mbona agonja, aphedwa, ndipo atafa ndipo anthu amtumikira.

Pano mphunzitsi achenjere ndi chizolowezi chouza ana kuti Chauta ndiye Zeus wa Achewa. Zeus anabadwa, anayamwa, anali ndi atate womuopa ndi abale ogawana nao. Chauta alibe mai, alibe mbale, ndipo palibe nthano yonena za womlanda mpando. Chibale chake chimene Achewa anachidziwa chinali ndi anthu: pa kachisi wa Msinja, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama, Makewana ankayesedwa mkazi wa Chisumphi, ndipo anali munthu wamoyo wa pfuko la Banda, wopempha mvula m'malo mwa dziko lonse. Kujambula mtengo wa chibale pa bolodi, ndi kuikapo Chauta pamwamba ndi Mbona pansi pake monga mwana, ndiko kupeka chipembedzo chimene makolo sanachidziwe.

Pamene Hesiod afooka ndi pa mathero a mkanganowo. Zeus nayenso anachenjezedwa kuti mkazi wake woyamba, Metis, atabala mwana wamkazi adzabalanso mwamuna wodzakhala mfumu ya milungu ndi anthu. Zeus sanadikire mwanayo ai. Ananyenga mai wake ndi mau okoma, nammeza ali ndi pakati, ndipo Athena anaturukira m'mutu mwa atate wake. Wolemba ndakatuloyo aona zimenezi monga nzeru imene inakhazika dziko pansi. Koma Zeus anangochita cha Kronos, napitiriza: uja anameza ana, uyu anameza bere lomwe. Mtendere wa pa Olympus unagulidwa ndi kuchotsa mai, ndipo Hesiod, amene m'ndakatulo yomweyo anenera akazi zoipa zambiri, sanaone kuti pamenepo pali mlandu.

Amene anauona mlanduwo ndiye wolemba Nyimbo ya kwa Demeter, ndakatulo ya mizere 495 imene akale anaiika pa dzina la Homer. Iyi iposa ya Hesiod pa luso, pakuti igwira nkhani imodzi niitsata kufikira itatha. Zeus analonjeza mwana wake Persephone kwa Hades, mwini wa dziko la akufa, osauza Demeter mai wa mwanayo. Namwaliyo alikutchola maluwa, nthaka inang'ambika, ndipo Hades anamtenga pa gareta alikulira. Mai anafunafuna masiku 9 osadya, osasamba. Pamene Helios, ndiye Dzuwa, anamuuza zoona, anaonjezapo mau omtonthoza, akuti mkamwiniyo sali wochititsa manyazi, popeza ali mlongo wake weniweni. M'makutu a Mgiriki mauwo anali omveka, chifukwa ku Athens lamulo linkapatsa mwana wamkazi wa munthu wofa wopanda mwana wamwamuna kwa mbale wa kuchimuna, kawirikawiri mbale wa atate wake, kuti munda usachoke pa banja. Koma m'makutu a Mchewa mauwo ndiwo pachimake pa chilonda. Mlongo wa mai ndiye mwini mbumba, nkhoswe yoyenera kukhala pabwalo ndi kukana chitengwa chosapemphedwa. Ndipo m'nthanoyi nkhosweyo ndiye wakuba. Demeter analibe kokadandaula: mlongo wake wina ndiye anapereka mwana, wina ndiye anatenga, ndipo wachitatu, Poseidon, satchulidwa pa mlanduwo.

Chifukwa chake anagwira chida chimene chinamtsalira, nabisa mbeu m'nthaka chaka chathunthu. Ng'ombe zinakoka makasu pachabe, barele anafesedwa osamera, ndipo Zeus anagonja poona kuti anthu akatha ndi njala nsembe za milungu zidzathanso. Hermes anatumidwa kukatenga namwaliyo; koma popeza anali atadya njere ya khangaza kwa mwamuna wake, anagamula kuti gawo limodzi la magawo atatu a chaka azikhala kunsi, ndi awiriwo kwa mai wake. Ndipo wokatenga Demeter kuti abwere pakati pa milungu sanali mfumu, koma Rhea, gogo wa mwanayo. Ichi ana a ku Kasungu sadzafuna kuchimasuliridwa, pakuti aona mirandu yotere ikutha ndi mau a agogo aakazi.

Nkhani zimenezi siziri kutali ndi mabenchi a m'kalasi. M'buku la 15 la Iliad, Poseidon asimba kuti amuna atatu aja anachita maere, Zeus nalandira thambo, Poseidon nyanja, Hades mdima wa kunsi. Alongo ao atatu sanawerengedwe pa magawowo. M'zidikha za fodya za Kasungu, kumene maesiteti anachuruka kuyambira m'zaka za m'ma 1970, mwini munda akafa funso lomwelo limadzuka pakati pa ana ake ndi ana a mlongo wake, ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika patsogolo mkazi ndi ana. Pa benchi limodzi pakhala mwana wa m'mudzi wa chikamwini, mwana wa kumpoto kwa bomali kumene amalowola, ndi mwana wa tenanti amene mai wake anatsata mwamuna kusiya mbumba yake kutali. Wina adzamva msanga mantha a Kronos, wina a Mlauli. Mphunzitsi asafulumire kuwagamula. Awafunse kuti Persephone akadamtchula Hades dzina lanji, ndipo awaleke atsutsane. Pakuti pa mawerengedwe a Hesiod ndiye atate aakulu, pa mawerengedwe a Homer, amene ayesa Zeus woyamba kubadwa, ndiye atate aang'ono, ndipo kwa onse awiri ndiye atsibweni.