Timabokosi 80 ta Msilikali Wofuna Katundu

Kuyambira pa 1 July 1962, asilikali onse a dziko la America anayamba kuitanitsa katundu m'kalembedwe kamodzi. Wapamtunda, wapanyanja ndi wamumlengalenga, aliyense wofuna tayala, bawuti kapena bandeji ankalemba pempho lake mumzere umodzi wa zilembo ndi manambala osapitirira 80. Ndondomekoyi ndi MILSTRIP, ndipo fomu yake ndi DD 1348. Nambala ya 80 sinachokere m'mitu ya akuluakulu a nkhondo. Inachokera pa khadi lobowola la kampani ya IBM, limene kuyambira 1928 linali ndi mizati 80, mzati uliwonse chilembo chimodzi. Makhadiwo anatha kalekale koma mzere uja sunathe, ndipo ndi woyenera kuuwerenga modekha kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Amene anaukonza analibe malo otaya, choncho kagawidwe kawo ka timabokosi kakutiuza zimene ankaziopa ndi zimene ankazidalira.

Timabokosi titatu toyamba timanena mtundu wa uthengawo. A0A ndi pempho la katundu wopita m'dziko momwemo, A01 ndi la katundu wowoloka nyanja. Titatu totsatira timatchula amene akupemphedwa, monga SMS, chizindikiro cha Defense Logistics Agency, bungwe limene linabadwa mu 1961 m'nthawi ya nduna Robert McNamara likutchedwa Defense Supply Agency. Kabokosi ka 7 kamanena mmene wopemphayo akufunira kuyankhidwa. Apa palibe chotichedwetsa.

Kuyambira pa 8 mpaka 22 pamalembedwa chinthu chofunidwacho, koma mawu akuti tayala simuwapezapo. Pali nambala ya manambala 13. Anayi oyamba ndi gulu la katundu: 2610 ndi matayala a galimoto, 6505 ndi mankhwala. Awiri otsatira, amene anawonjezedwa mu 1974, amanena dziko limene linalemba chinthucho m'kaundula: 00 kapena 01 ndi America, 99 ndi Britain, 12 ndi Germany. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inaphunzitsa akuluakulu a nkhondo kuti nthambi za asilikali zinkatchula chinthu chimodzi ndi mayina osiyana, mpaka depoti ina kusowa chimene chadzaza m'depoti yoyandikana nayo. Lamulo la 1952 linakhazikitsa kaundula mmodzi. Nambala ndi youma, koma msilikali wa ku Texas ndi kalaliki wa ku Germany sangakangane pa tanthauzo lake, ndipo ine ndimaona kuti kuuma kumeneku ndi ulemu kwa munthu amene akudikira sipeya kutali.

Timabokosi tisanu ndi tiwiri totsatira ndi msampha. Pa 23 ndi 24 pamalembedwa muyeso umene chinthucho chimatulukira m'nkhokwe: EA ndi chimodzichimodzi, PR ndi ziwiriziwiri, DZ ndi dazeni, HD ndi 100. Pa 25 mpaka 29 pamalembedwa kuchuluka kwake. Tiyerekeze kuti kalaliki akufuna mabawuti 100, ndipo mabawutiwo amatuluka m'magulu a HD. Akalemba 00100 waitanitsa mabawuti 10,000. Mzerewo ulibe cholakwa chilichonse m'kalembedwe. Chilembo chilichonse chili pamalo pake, kompyuta iliyonse iuwerenga bwinobwino, koma pempholo ndi lolakwika. Pamenepa ndi pamene tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amakonda kuzisakaniza: muyezo wa kalembedwe ka uthenga, ndi malamulo a kagwiridwe ka ntchito. Muyezo umangonena kuti kuchuluka kulembedwe m'timabokosi tisanu. Lamulo ndi limene limauza wopereka katundu kuti akaona nambala yokayikitsa akane ndi chizindikiro CS, ndiponso limapatsa wopempha njira yotsimikizira kuti sanalakwitse, polemba 2L pa 65 ndi 66. Ngakhale malire a 99,999 anazembedwa ndi lamulo: kwa zipolopolo, chilembo M m'kabokosi komaliza chimatanthauza masauzande.

Gawo limene ndimalisirira kwambiri ndi la pa 30 mpaka 43, nambala ya pempholo. Timabokosi tisanu ndi kamodzi toyamba ndi adiresi ya gulu lopempha, ndipo chilembo choyamba chimanena nthambi: W asilikali apamtunda, F amumlengalenga, N apanyanja. Tinayi totsatira ndi tsiku, tinayi tomaliza ndi nambala imene gululo lapatsa pempholo patsikulo. Palibe likulu limene limagawa manambalawa, komabe awiri safanana, chifukwa gulu lililonse lili ndi adiresi yake ndipo tsiku lililonse lili ndi nambala yake. Uthenga uliwonse wobwera pambuyo umanyamula nambala yomweyi pamalo omwewa: AE1 yonena pamene pempho lafika, AS1 yonena kuti katundu wanyamuka, AF1 yofunsa kuti kodi zili pati, AC1 yoletsa. Anthu a mu 1962 anapeza njira yoti nkhani ya bawuti imodzi itsatike kudutsa m'maofesi khumi popanda ofesi imodzi kudziwana ndi inzake.

Mtengo wake unaoneka pa tsiku. Chaka chinapatsidwa kabokosi kamodzi kokha, ndipo titatu tinapita ku tsiku la m'chakacho. Motero 4045 ndi 14 February, koma wa 2024, 2014 kapena 1994? Mzerewo sunena. Okonzawo anaganiza kuti palibe pempho lingakhale ndi moyo zaka khumi. Kwa wodikira tayala zimenezi n'zoona, koma kwa wofufuza mabuku a ndalama, amene amabwerera m'mbuyo zaka zambiri, n'zovutitsa. Unduna wa zachitetezo wa America unayamba kufufuzidwa mabuku ake onse mu 2018, ndipo ofufuzawo chaka ndi chaka akhala akudandaula ndi makompyuta akale ndi kaundula wa katundu wosatsimikizika.

Pa 45 mpaka 53 pali nkhani ya ndalama. Chilembo chimodzi pa 51 chimasiyanitsa anthu atatu: wopempha, wolandira ndi wolipira. A amatanthauza kuti katundu ndi bilu zipite kwa wopempha. J amatanthauza kuti katundu apite ku adiresi yachiwiri koma bilu ibwere kwa wopempha. D ndi M ndi katundu wopanda bilu. Aliyense amene anagwirapo ntchito m'sitolo ya bungwe akudziwa kuti mikangano yambiri imabadwira pamenepa, ndipo okonza fomuyi anaithetsa ndi kabokosi kamodzi.

Mpaka pano mzerewu wanena chiyani, zingati, kwa yani, ndi ndalama za yani. Sunanene chifukwa. Chifukwacho chinapatsidwa timabokosi tisanu tokha, pa 60 mpaka 64, ndipo pamenepa m'pamene mtima wa fomu yonse uli.

Pa 60 ndi 61 pali nambala ya changu, kuyambira 01 mpaka 15. Imabadwa pophatikiza zinthu ziwiri. Choyamba ndi kulemera kwa ntchito ya gululo, kuyambira I mpaka V, ndipo ichi gulu silidzisankhira, limapatsidwa kuchokera kumwamba. Chachiwiri ndi kukula kwa vutolo: A ngati ntchito yaima, B ngati ikuyenda motsimphina, C ngati n'kungodzaza mashelefu. Ichi amasankha ndi wopempha. Gulu la I likanena A limalemba 01, la II 02, la III 03. Koma onani zimene zikuchitika pansipa: gulu la IV limene ntchito yake yaimiratu limalemba 07, kumbuyo kwa gulu la III limene ntchito yake ikuyendabe motsimphina, limene limalemba 06. Ichi ndi chigamulo chankhanza, ndipo chinalembedwa poyera kuti aliyense achione. Fomuyo ikunena kuti si kuvutika konse kumene kuli kofanana, ndi kuti vuto laling'ono la amene ali pafupi ndi moto limaposa vuto lalikulu la amene ali kutali. Ndikuvomerezana nacho. Ndege zonyamula katundu n'zowerengeka, ndipo kuli bwino kuti mndandanda wa otsogola udziwike nkhondo isanayambe kusiyana n'kuti uzigamulidwa pa telefoni ndi amene ali ndi mnzake kudepoti.

Pa 62 mpaka 64 pamalembedwa tsiku limene katunduyo akufunika, koma malamulo analola kuti pamalo pa tsiku palembedwe 999. Palibe tsiku la 999 m'chaka. Ndi kukuwa kwa gulu lili kunja kwa dziko, kapena lili pafupi kunyamuka, kuti chida chofunika pa ntchito yake chafa ndipo sipeyayo ikwere ndege yoyamba.

Tsopano funsani kuti kompyuta ingatsimikize chiyani mumzere wonsewu. Nambala ya katundu imatha kuiyang'ana m'kaundula. Adiresi imatha kuiyang'ana m'buku la maadiresi. Makina a DAAS, amene kuyambira 1965 akhala akulandira ndi kulondolera mauthengawa, amatha ngakhale kutsitsa 01 ya gulu limene silinapatsidwe udindo wa I. Koma palibe makina angaone ngati galimoto yafadi. Chilembo A chimaima pa mawu a munthu basi. Olemba malamulo ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake analamula kuti mkulu wa gulu, kapena amene iye wam'patsa mphamvuzo molemba, aziunika yekha pempho lililonse la A. Kuchigayo anthu amapatsa mpata wogayitsa za kumaliro, ndipo mwambowo umagwira ntchito malinga ngati onena kuti kwathu kwagwa zovuta akunena zoona. Onse akayamba kunena choncho, mzere umabwerera mwakale ndipo wofedwa weniweni ndi amene amapwetekeka.

Izi n'zimene zinachitika pa nkhondo ya ku Gulf mu 1990 ndi 1991. Mapempho a changu anachuluka mpaka mabwalo a ndege ku America anadzaza katundu amene yense ankati ayambe ndi iye. Asilikali anachita kutsegula njira ina pamwamba pa njira: pa 30 October 1990 ndege ya Desert Express inayamba kunyamuka tsiku ndi tsiku ku Charleston kupita ku Saudi Arabia ndi zinthu zoimitsadi nkhondo. Makontena oposa 40,000 anatumizidwa kumeneko, ndipo oposa theka anachita kutsegulidwa kuti anthu aone zimene zinali m'katimo. Sindikhulupirira kuti makalaliki a nthawi imeneyo anali abodza mwachibadwa. Munthu amene waitanitsa sipeya, sakumva yankho ndipo mkulu wake akum'funsa m'mawa uliwonse, amaitanitsanso kachiwiri n'kukweza changu chake. Kukokomezako kunabadwa m'kusadziwa kumene katundu wafika.

Njira yochokera pa timabokosi 80 inayambira kwa msilikalinso. Edward Guilbert, amene anathandiza kukonza mndandanda wofanana wa katundu pamene ndege zinkadyetsa mzinda wa Berlin mu 1948 ndi 1949, anadzatsogolera komiti ya makampani a zamtengatenga imene inayamba mu 1968, ndipo ntchito imeneyi inatsegulira njira muyezo wa X12, umene komiti yake inakhazikitsidwa mu 1979. Mu 2000 unduna wa zachitetezo unalamula kuti mauthenga a katundu atsate muyezo wa amalondawu, pansi pa ndondomeko ya DLMS. Pempho lija tsopano ndi 511R, yankho lake ndi 870S, uthenga wa katundu wonyamuka ndi 856S. Mauthengawa amatalika malinga ndi nkhani. Kupatula m'nambala ya pempho, chaka chimalembedwa chonse, ndipo nambala ya mfuti imodzi kapena injini imodzi imatha kuyenda ndi uthengawo, zimene khadi silikanatha. Kusamukako kwatenga zaka zambiri, ndipo DAAS yakhala ikumasulira pakati pa makina akale ndi atsopano. Uthenga watsopano ukamasuliridwa kupita kwa wakale, chilichonse chosakwana m'timabokosi 80 chimatsala m'njira.

Chimene chimandichititsa chidwi ndi zimene zinasamuka osasintha. Nambala ya pempho ya zilembo 14 ili mu 511R momwe inalili. Changu chikadali 01 mpaka 15, 999 akadalipo, ndipo A akusankhabe ndi wopempha. Chovala chinasintha koma malamulo ndi omwe aja, ndipo amene amayembekezera kuti muyezo watsopano wa mauthenga uchiza kukokomeza akuyang'ana kolakwika. Malo owonjezera sapangitsa munthu kunena zoona.

Ngati pali mankhwala, ndikuwaona m'kanthu kena kamene okonza a 1962 anachita pa 65 ndi 66. M'pempho, timabokosi tiwiriti ndi ta wopempha: 2B ndi yoti musanditumizire cholowa m'malo, 2C ndi yoti ngati mulibe musandiike pamzere wodikira. Mu yankho la AE1, timabokosi tomweti timakhala ta wopereka: BA katundu akukonzedwa kuti anyamuke, BB mulibe ndipo mudikire, CA takana. Pa 70 mpaka 73 amawonjezera tsiku limene akuyembekeza kutumiza. Kalaliki amene walandira BB ndi tsiku loona amatha kuuza mkulu wake kuti galimotoyo iima mpaka mwezi wamawa, ndipo mkuluyo amakonza ntchito yake motero. Amene walandira BA ya katundu amene sakunyamuka, kapena sanalandire kanthu, amaitanitsanso ndi 02. Choncho ndalama zimene zimapita ku 870S ndi 856S, kuti yankho lifike msanga ndiponso linene zenizeni za m'nkhokwe, zimateteza timabokosi ta changu kuposa siginecha ya mkulu aliyense, ndipo ndi gawo la DLMS limene ndingalimenyere nkhondo patsogolo pa ena onse.